Tzdata pa Linux ndi BSD: njira iti ikuyenera makompyuta a m'chigwa cha Shire?

Nthawi ya Malawi sisuntha. Tili pa CAT (Central Africa Time), maola 2 patsogolo pa UTC (nthawi imene dziko lonse limayezerapo), dzinja ndi chilimwe chomwe. Ngakhale foni ya munthu wa ku Marka ikagwira netiweki ya tsidya la Mozambique, wotchi yake sisokonezeka, chifukwa mayiko awiriwa amayendera ola limodzi (a ku Karonga, amene amayandikana ndi Tanzania wa UTC+3, alibe mwayi umenewu). N'chifukwa chake amisiri ambiri osamalira makompyuta ku Chikwawa, Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje saona chifukwa chovutikira ndi phukusi la tzdata, limene limauza kompyuta nthawi ya dera lililonse (zoni). Pa zoni yathu yokha akunena zoona ndithu. Vuto limabwera ndi mazoni a anthu amene timagwira nawo ntchito, komanso ndi makope a tzdata obisala m'mapulogalamu, amene update ya opareting'i sisitemu sifikako.

Tzdata ndi kaundula wa malamulo a nthawi a dziko lonse. Anauyambitsa Arthur David Olson, amausamalira Paul Eggert, ndipo kuyambira mu 2011 uli m'manja mwa IANA, bungwe losunga akaundula a intaneti. Kope lililonse limatchedwa ndi chaka ndi chilembo: 2024a, 2024b, 2025a, 2025b. Palibe tsiku loikika lotulutsira kope latsopano. Limatuluka boma lina likasintha lamulo. Namibia inasiya kusuntha mawotchi mu 2017. Sudan inachoka pa UTC+3 n'kubwera pa CAT pa 1 Novembala 2017, South Sudan inachita chimodzimodzi pa 1 Febuluwale 2021, ndipo Egypt inayambiranso kupititsa wotchi patsogolo m'miyezi yotentha mu 2023. Mu Malichi 2023 munatuluka makope 3 m'sabata imodzi: 2023a, kenako 2023b boma la Lebanon litaimitsa kusintha kwa wotchi kutatsala masiku ochepa, kenako 2023c pa 28 Malichi boma lomwelo litabweza ganizo lake. Seva ya bungwe ku Nsanje imene imatumiza malipoti ku ofesi ya ku Juba kapena kukonza misonkhano ndi anthu a ku Cairo ikhoza kuphonya ndi ola lathunthu, wotchi ya pakona ya sikirini ikuonetsa nthawi yolondola bwinobwino.

Yambani mwadziwa chimene chadwala

Nthawi zambiri munthu akadandaula kuti nthawi yalakwika, tzdata alibe mlandu. Kulakwika kwa maola athunthu, monga 1, 2 kapena 4, kawirikawiri ndi nkhani ya zoni. Kulakwika kwa mphindi zingapo, kapena kompyuta kudzuka ili m'chaka china, ndi nkhani ya batire ya CR2032 ya pa motherboard kapena NTP (njira yokonzera wotchi kudzera pa intaneti) imene sikufika. Raspberry Pi 4 ilibe wotchi ya hardware. Magetsi akathima imadzuka ndi nthawi imene inasunga komaliza, mpaka itapeza intaneti, pokhapokha mutaikamo kachipangizo ngati DS3231. Amene anagwira ntchito m'chigwa muno namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 akudziwa kuti makina akhoza kuzima ndi kuyaka kangapo pa tsiku kwa miyezi yambiri.

Vuto la wotchi ndi la tzdata amalumikizana pamalo amodzi: wotchi ikakhala m'mbuyo kwambiri, apt (pulogalamu yoikira mapukusi pa Debian ndi Ubuntu) imakana mndandanda wa mapukusi n'kunena kuti fayilo ya Release sinafike nthawi yake yogwira ntchito, ndipo masatifiketi a HTTPS amakanidwanso. Konzani kaye wotchi, update pambuyo.

Kuti mudziwe kope limene muli nalo, pa Linux zambiri izi zimakwana:

head -1 /usr/share/zoneinfo/tzdata.zi

Mzere woyamba umalemba kope, mwachitsanzo 2024a. Pa Debian ndi Ubuntu mukhozanso kulemba dpkg -s tzdata, pa Fedora, Rocky ndi AlmaLinux rpm -q tzdata. Koma nambala ya kope si umboni wokwanira. Yesani khalidwe lenileni:

TZ=Africa/Juba date
TZ=Africa/Cairo date -d '2024-07-01 12:00 UTC'

Yoyamba iyenera kufanana ndi nthawi yathu ndi kulemba CAT. Ikalemba EAT, deta yanu ndi yakale kuposa 2021a. Yachiwiri iyenera kupereka 15:00 EEST. Ikapereka 14:00, makinawo sanalandirepo update ya 2023.

Njira ya phukusi la distro

Mwa njira zopezera tzdata yatsopano, iyi ya kutenga phukusi la distro (mtundu wa Linux umene muli nawo, monga Debian kapena Fedora) ndiyo yoyenera makina ambiri, ndipo chifukwa chake n'chosavuta: amene amapanga phukusi amasankha kale mtundu wa mafayilo wogwirizana ndi glibc (laibulale yaikulu imene mapulogalamu ambiri a Linux amawerengera nthawi) ndi mapulogalamu a distro imeneyo, phukusi limabwera ndi siginecha, ndipo package manager imadziwa fayilo iliyonse imene yaikidwa. Pa Debian ndi Ubuntu:

apt-get update
apt-get install --only-upgrade tzdata

Pa banja la Red Hat ndi dnf upgrade tzdata, ndipo ngati pali Java onjezerani tzdata-java, lomwe ndi phukusi lapadera. Pa Alpine ndi apk upgrade tzdata. Arch savomereza kukweza phukusi limodzi lokha, choncho pamenepo ndi pacman -Syu yonse, ndi bandulo yake yomwe.

Phukusi la tzdata palokha ndi laling'ono, silikwana megabyte imodzi. Chimene chimadya bandulo ndi apt-get update, yomwe imakoka mindandanda ya mapukusi, ndipo pa Ubuntu ikhoza kufika ma megabyte makumi angapo ngati papita nthawi.

Msampha wa pa Debian uli m'malo awiri. Tzdata yatsopano imadutsira ku nthambi ya updates, mwachitsanzo bookworm-updates pa Debian 12 (bookworm), osati ya security. Ngati amene anaika sisitemu analemba mu sources.list mizere ya bookworm ndi bookworm-security yokha, tzdata idzadikira mpaka point release yotsatira, imene imatuluka pakatha pafupifupi miyezi iwiri. Mzere wofunika ndi uwu:

deb http://deb.debian.org/debian bookworm-updates main

Malo achiwiri ndi unattended-upgrades, pulogalamu yoika update yokha. Mu fayilo ya /etc/apt/apt.conf.d/50unattended-upgrades mzere wa updates umabwera wotsekedwa ndi zizindikiro za // kumayambiriro. Ambiri amayatsa update yodzichitikira n'kumaganiza kuti zonse zikulowa, pamene tzdata yatsala pakhomo. Chotsani // pa mzere umenewo, kenako yesani ndi unattended-upgrade --dry-run --debug kuti muone ngati nthambiyo ikuwerengedwa.

Kufooka kwakukulu kwa njirayi ndi kwakuti imatha tsiku limene distro yasiya kusamalidwa. CentOS 7 inatha pa 30 Juni 2024. Ubuntu 18.04 inasiya kulandira update zaulere za nthawi zonse mu 2023, ndipo 20.04 mu 2025. Makompyuta ambiri opatsidwa ndi mapulojekiti m'masukulu ndi m'zipatala zing'onozing'ono amakhala pa sisitemu zotere zaka zambiri pulojekiti itatseka. Pamenepo apt imanena kuti zonse zili bwino, pamene kwenikweni kulibe amene akutumiza kanthu.

Pa FreeBSD mazoni ali m'kati mwa base system, ndipo amabwera ngati errata kudzera pa freebsd-update fetch ndi freebsd-update install. Palinso port ya misc/zoneinfo kwa amene sangadikire. Mukamaliza lembani tzsetup -r, chifukwa ngati /etc/localtime ndi kope la fayilo osati ulalo, imakhalabe ndi malamulo akale. Zofanana ndi zimenezi zimachitika pa Alpine: setup-timezone imakopera zoni imodzi n'kuisunga payokha, pokhapokha mutaipatsa -i kuti isiye tzdata yonse ndi kuika ulalo. Kuona ngati ndi ulalo n'kosavuta: ls -l /etc/localtime iyenera kuonetsa muvi wopita ku /usr/share/zoneinfo.

Kunyamula phukusi pa fulashi

Kwa makina a ku East Bank, Makhanga kapena malo ena kumene netiweki imagwira pokwera chulu ndipo msewu umaduka madzi akasefukira, njira iyi ndiyo yothandiza kwenikweni, ndipo imanyozedwa popanda chifukwa. Tzdata ilibe khodi yodalira purosesa: pa Debian imalembedwa kuti all, pa Red Hat noarch. Fayilo imodzi yomweyo imalowa pa laputopu ya Intel ndi pa Raspberry Pi. Pa kompyuta ya ku boma imene ili ndi intaneti ndipo ili pa distro ndi kope lofanana ndi la kumudzi:

apt-get download tzdata
sha256sum tzdata_*.deb

Lembani nambala ya sha256 papepala kapena muitumize pa WhatsApp, koperani fayilo pa fulashi, ndipo mukafika yerekezani nambalayo musanalembe dpkg -i tzdata_*.deb. Kuyerekezaku si mwambo chabe. Dpkg siyang'ana siginecha monga imachitira apt, ndipo fulashi imene yayenda m'thumba pa kabaza, yadutsa m'makompyuta a Windows angapo ndi kutentha kwa Okutobala ku Ngabu, si yoidalira mwachimbulimbuli. Pa banja la Red Hat ndi dnf download tzdata, kenako rpm -K kuona siginecha ndi rpm -Uvh kuika.

Njira yomweyi imapulumutsa distro yakufa: mukhoza kutenga phukusi la kope latsopano la distro n'kuliika pa lakale. Nthawi zambiri zimayenda, koma pali dzenje limodzi. Ubuntu 24.04 ndi Debian 13 anachotsa mayina akale monga US/Eastern ndi Asia/Calcutta n'kuwaika m'phukusi lina la tzdata-legacy, pamodzi ndi foda ya right/. Pulogalamu yakale imene inalembedwa ndi dzina lotere imalephera kuyaka, kapena imagwera pa UTC mwakachetechete. Chrony (pulogalamu ya NTP) imene ili ndi mzere wa leapsectz right/UTC imadandaulanso. Tengani mapukusi onse awiri. Africa/Blantyre sinakhudzidwe ndi kusamutsaku.

Choipa cha fulashi n'chakuti imadalira munthu kukumbukira. Ndi bwino kumangiriza ntchitoyi pa ulendo umene ulipo kale, monga wokatenga malipoti a pamwezi kapena wokayendera makina miyezi itatu iliyonse, ndi kulemba kope loikidwa m'buku la makinawo.

Kudzimangira nokha kuchokera ku IANA

Apa mumatenga tzdata-latest.tar.gz ndi tzcode-latest.tar.gz ku data.iana.org, pamodzi ndi mafayilo a .asc otsimikizira ndi gpg, n'kusandutsa malamulo olembedwa kukhala mafayilo a makina pogwiritsa ntchito zic. Ubwino wake ndi liwiro: kope likatuluka lero, lero lomwe muli nalo. Kwa ofesi ya ku Chikwawa liwiro limeneli silifunika kawirikawiri, ndipo mavuto ake ndi ambiri kuposa phindu.

Loyamba ndi zic yakale. Kuyambira 2024b deta yaikulu imagwiritsa ntchito chizindikiro cha %z, chimene zic ya pa sisitemu zakale ngati CentOS 7 sichidziwa. Choncho musatenge tzdata yokha. Tengani ndi tzcode yomwe kuti mumange zic yatsopano. Lachiwiri ndi mtundu wa mafayilo. Kuyambira 2020b zic imatulutsa mafayilo ochepa thupi otchedwa slim, amene amadalira lamulo lolembedwa kumapeto kwa fayilo m'malo molemba chaka ndi chaka mpaka 2037. Mapulogalamu ena akale sawerenga kumapetoko ndipo amalakwitsa nthawi ya mayiko osuntha mawotchi. Pa makina akale mangani ndi fat:

make TOPDIR=/opt/tz ZFLAGS='-b fat' install

Lachitatu ndi kumene mwaika. Mukalemba pamwamba pa /usr/share/zoneinfo, package manager sidziwa, ndipo tsiku limene phukusi lidzaikidwenso ntchito yanu idzafufutika, mwinanso kubwerera ku deta yakale kuposa yanu. Kuika mu /opt/tz n'kuloza glibc kumeneko ndi TZDIR=/opt/tz/usr/share/zoneinfo n'kwaukhondo, koma si pulogalamu iliyonse imene imamvera TZDIR, ndipo mmisiri wobwera pambuyo panu sadzadziwa kuti foda imeneyo ilipo ngati simunalembe. Njirayi ndi ya makina amene distro yake inafa, phukusi la kope latsopano likukana kulowa, ndipo palibe chilolezo choika sisitemu ina.

Kungokhomerera pa UTC+2

Ena amati, poti nthawi yathu sisintha, bwanji osangolemba CAT-2 n'kuiwala za tzdata? Pa rauta ya OpenWrt, pa data logger ya sola kapena pa kachipangizo koyeza madzi a mtsinje, zimenezi n'zomveka ndithu. OpenWrt imagwiritsa ntchito kale mzere wotere wa POSIX kuti isadzaze malo. Pa seva kapena laputopu ayi, chifukwa sizithetsa vuto la mazoni a kunja, ndipo tsiku limene boma lingadzasinthe nthawi mudzayenda makina ndi makina pamanja.

Chenjerani ndi chizindikiro. M'kalembedwe ka POSIX, kum'mawa kwa Greenwich ndi minus. Nthawi yathu ndi CAT-2 kapena Etc/GMT-2. Amene wasankha Etc/GMT+2 poganiza kuti ndi UTC+2 amakhala m'mbuyo ndi maola 4. Dzina loyenera kusankha ndi ili:

timedatectl set-timezone Africa/Blantyre

Mu deta yaikulu ya IANA, Africa/Blantyre ndi ulalo wopita ku Africa/Maputo, chifukwa mawotchi a malo awiriwa akhala ofanana kuyambira 1970, chaka chimene kaundulayu amayambira kusiyanitsa mazoni. Pulogalamu ina ikakuonetsani Maputo musadabwe. Komabe sankhani Blantyre, kuti mayiko awiriwa atadzasiyana m'tsogolo, update idzakutengereni kumbali yoyenera. Pa laputopu yokhala ndi Windows ndi Linux pamodzi, kusiyana kwa maola 2 kumene kumabwera mukasintha sisitemu si tzdata: Windows imasunga nthawi ya kuno mu wotchi ya hardware, pamene Linux imayembekeza UTC.

Makope amene apt ndi dnf sizifikako

Apa ndi pamene nthawi yambiri iyenera kuthera, chifukwa njira zonse zili pamwambazi zimakonza foda imodzi yokha. Java ili ndi fayilo yake, lib/tzdb.dat. DHIS2 ndi OpenMRS, zodziwika m'ntchito za umoyo, ndi mapulogalamu a Java, ndiye seva ikhoza kukhala ndi tzdata ya chaka chino pamene JDK (Java yoikidwa pa sevayo) ikuwerenga ya zaka zitatu zapitazo, makamaka ngati JDK inaikidwa pamanja kuchokera mu tar.gz. Mu jshell, chida choyesera khodi chimene chimabwera ndi JDK, lembani java.time.zone.ZoneRulesProvider.getVersions("UTC").keySet() kuti muone kope. Mankhwala ake ndi kukweza JDK, imene imatulutsa update mu Januwale, Epulo, Julayi ndi Okutobala. Oracle ali ndi TZUpdater ndipo Azul ali ndi ZIUpdater kwa amene sangakweze.

MySQL ndi MariaDB zimasunga mazoni m'matebulo awo. Matebulowa sadzaza okha ndipo satsatira update. Akakhala opanda kanthu, CONVERT_TZ yokhala ndi dzina la zoni imabweza NULL osadandaula. Kudzaza kwake:

mysql_tzinfo_to_sql /usr/share/zoneinfo | mysql -u root -p mysql

ndipo muyenera kubwereza komanso kuyatsanso seva ya database nthawi iliyonse tzdata ikasintha. PostgreSQL yoikidwa kuchokera ku mapukusi a distro imawerenga foda ya sisitemu, choncho ilibe vuto limeneli; yomangidwa pamanja popanda --with-system-tzdata imanyamula yake.

Python kuyambira 3.9 ili ndi zoneinfo, imene imayamba yafufuza foda ya sisitemu. Koma pytz yoikidwa ndi pip imabwera ndi kope lake, ndipo imakalamba m'kati mwa virtualenv mpaka wina ataikweza. PHP yomangidwa pamanja kapena ya mu image ya Docker imanyamula yake, imene imakwezedwa ndi timezonedb ya PECL. Node.js, Firefox ndi Chromium zimadalira ICU yawo, laibulale imene ili ndi kope lake la mazoni. Pa Node, process.versions.tz imaonetsa kope. Pulogalamu ya Go yomangidwa ndi time/tzdata ili ndi deta m'mimba mwake, ngakhale imayamba yayesa foda ya sisitemu ngati ilipo.

Makontena a Docker, mmene pulogalamu imayenda ndi mafayilo akeake otengedwa mu image, ndiwo amavuta kwambiri, ndipo apa vuto limakhudza nthawi yathu yomwe, osati ya kunja yokha. Image za alpine ndi ubuntu zimabwera zopanda tzdata. Mukalemba TZ=Africa/Blantyre m'kontena lotere, palibe uthenga wa cholakwika; nthawi imangokhala pa UTC, maola 2 m'mbuyo. Masana palibe amene amazindikira. Koma mwana wobadwa 1 koloko usiku pa 1 Julayi amalembedwa kuti anabadwa 23:00 pa 30 Juni, ndipo amalowa m'lipoti la mwezi wathawo, limene mwina latumizidwa kale. Ndalama zolandiridwa pakati pa 12 ndi 2 koloko usiku zimagwera tsiku ladzulo chimodzimodzi. Pali njira ziwiri. Mukhoza kuika tzdata pomanga image, ndi apk add tzdata, kapena pa Ubuntu ndi DEBIAN_FRONTEND=noninteractive kutsogolo kwa apt-get install, apo ayi kumangako kumaima kudikira kuti wina asankhe kontinenti; kenako image iyenera kumangidwanso nthawi ndi nthawi. Kapena mukhoza kulumikiza foda ya makina enieni ndi -v /usr/share/zoneinfo:/usr/share/zoneinfo:ro. Kumene bandulo ndi yodula yachiwiriyi ndi yabwino, chifukwa update imodzi ya kachiphukusi kakang'ono imafika m'makontena onse popanda kukoka image ya ma megabyte mazana. Sithandiza Java ya m'kontena, imene imawerengabe tzdb.dat yake.

Matabuleti a Android osonkhanitsira deta ndi ODK kapena KoboCollect ali paokha. Kuyambira Android 10 mazoni amabwera ndi Google Play system update, choncho tabuleti imene imalumikizidwa kokha potumiza mafomu ikhoza kukhala m'mbuyo. Pa ntchito ya m'Malawi zokha sizivuta, bola zoni yosankhidwa ikhale yolondola.

Mukaika update, yatsaninso

Pulogalamu imene ikuyenda kale imasunga malamulo akale m'memory. Cron, Tomcat (seva ya mapulogalamu a Java), PHP-FPM ndi maseva a database onse ayenera kuyatsidwanso. Pa makina a ofesi yaing'ono reboot pambuyo poweruka ndi yachidule kuposa kusaka mmodzimmodzi. Ngati seva imatumiza zikumbutso za misonkhano ya m'tsogolo, onani mmene inasungira nthawi. Zimene zinachitika kale zimasungidwa bwino mu UTC. Msonkhano wa mwezi wamawa wa 9 koloko ku Cairo ukasandulizidwa kukhala UTC ndi malamulo akale n'kusungidwa choncho, update sidzaukonza. Uyenera kusungidwa ngati 09:00 pamodzi ndi dzina la Africa/Cairo, kapena kuwerengedwanso pamanja.

Phukusi la tzdata limanyamulanso leap-seconds.list, fayilo ya masekondi owonjezera amene amaikidwa pa UTC, imene ili ndi tsiku lake lotha ntchito. Sekondi yowonjezera yomaliza inaikidwa pa 31 Disembala 2016, koma fayiloyo imakonzedwabe kuti tsiku lothera lisunthe, ndipo ntpd (pulogalamu ina ya NTP) imalemba chenjezo mu log ikapeza yatha. Chenjezo limeneli ndi chizindikiro chaulere chakuti makinawo akhala nthawi yaitali osalandira tzdata. Mukaliona, bwererani ku head -1 /usr/share/zoneinfo/tzdata.zi, kenako ku mayeso a Juba ndi Cairo, koma ulendo uno muwachite m'kati mwa kontena ndi docker exec, ndi mu jshell ya JDK imene Tomcat ikugwiritsa ntchito, osati ya pa PATH ya inuyo.